Makhadi aja abwere, tinkachita masamu osati njuga

Anzanga, amene munali pa asembule Lolemba lapitali munamva nokha mayina athu akuitanidwa. Tinalipo asanu, atsikana awiri ndi anyamata atatu, tonse a Fomu 2. Mlandu wake unali wakuti maprifekiti anatipeza ndi paketi ya makhadi m'kalasi anthu ataweruka. Chibalo tinagwira, udzu wa kuseri kwa zimbudzi tinasilasha, matuza ali m'manjamu mpaka lero. Za matuzazo zisiyeni. Chimene chandilembetsa ndi chakuti sabata yonseyi ndikamadutsa panjira anthu akumandikuwiza kuti "mayi wa njuga", koma palibe ndi mmodzi yemwe wandifunsa kuti makhadiwo tinkatani nawo. Ndiye ndifotokoze ndekha, poti bolodi ili ndi la tonse.

Lamulo loletsa njuga pasukulu ine ndilibe nalo vuto, ndipo mwina ndimadana nayo njuga kuposa amene anatigwirawo. Achimwene anga amapalasa kabaza. Temu yatha analonjeza mayi kuti ndalama yanga ya mayeso a JCE apereka ndi iwo. Tsiku lopereka litafika, ndalama ija kunalibe. Inathera pa foni, kubetcha mpira. Mayi anagulitsa nkhuku zitatu, imodzi inali yoikira. Usiku umenewo ndinawamva achimwene akuuza mayi kuti, "Inangotsala timu imodzi basi, njira yake ndaidziwa tsopano." Mawu akuti njira amenewa anandikhala m'mutu.

Ndiye tsiku lina aphunzitsi a masamu amene abwera pa TP aja ankationetsa spreadsheet pa laputopu yawo, mmene umalembera manambala m'timabokosi, n'kuika fomula, kompyuta n'kuwerengera yokha. Mnyamata wina wa kumbuyo, dzina ndisatchule, anafunsa ngati chinthucho chingamupezere njira yowinira pa beti. Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi sanaseke. Anati amene akufuna yankho atsale tikaweruka, titenge masewera a njuga amene akatswiri a masamu anawawerengera kale mpaka pansi, tione ngati njirayo ilipodi. Tinatsala asanu.

Masewerawo dzina lake ndi blackjack, ena amangoti 21. Kumudzi kuno sindinaonepo munthu akusewera. Kwawo kwenikweni ndi m'nyumba zikuluzikulu za njuga zotchedwa kasino, monga za mumzinda wa Las Vegas ku America. Susewera ndi anzako ayi, umalimbana ndi wogawa makhadi, amene ndi wantchito wa mwini kasino. Khadi la 2 mpaka la 10 mapointi ake ndi nambala yake yomweyo. J, Q ndi K lililonse ndi 10. A ndiye wa mitima iwiri, amakhala 1 kapena 11 malinga ndi chimene chikukukomera. Umalandira makhadi awiri, wogawa nayenso awiri, koma limodzi lake amalivundikira. Cholinga ndi kumuposa wogawayo osapyola 21. Ukhoza kupempha khadi lina, kapena kunena kuti basi ndaima. Ukapyola 21 wapsa, ndalama yapita pomwepo. Koma wogawa sasankha kanthu. M'malamulo amene tinatsata ife, akakhala ndi 16 kapena pansi pake ayenera kukoka khadi, akafika 17 ayenera kuima, afune asafune.

Poyamba ndinaona ngati wosewera ndiye ali pabwino, poti iye amaganiza pamene wogawa amangotsata lamulo ngati chigayo. Msampha wake ndinauona mochedwa. Iwe ndiye umayamba. Ukapsa, wogawa amatola ndalama yako nthawi yomweyo, ndipo ngakhale iye apse pambuyo pake sakubwezera. Mwapsa nonse, koma waluza ndiwe wekha. Phindu la mwini kasino limachokera pamenepo.

Popeza wogawa sasankha, zonse zimene zingamuchitikire zikhoza kuwerengeredwa. Oyamba kuchita zimenezi bwinobwino anali anthu anayi a m'gulu la asilikali a America, Roger Baldwin, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott, amene ankagwira ntchito ku Aberdeen Proving Ground m'chigawo cha Maryland. Analibe kompyuta, anagwiritsa ntchito makina owerengera a padesiki, ndipo zotsatira zawo zinatuluka mu 1956 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Journal of the American Statistical Association. Kenako Edward Thorp, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya MIT, anapitiriza ntchitoyo pa kompyuta ya IBM 704, chimakina chodzadza chipinda, ndipo mu 1962 anatulutsa buku lotchedwa Beat the Dealer. Chimene chinandisangalatsa ndi chakuti ntchito imene inkafuna chimakina chotero, ife tinaiyamba pa laputopu yosweka pakona, yotchajidwa pa sola ya ku ofesi.

Musanaone za tebulo lathu, pali chinthu chimodzi choti mumve, m'Chingerezi amati expected value. Tanthauzo lake ndi ndalama imene umapeza kapena kutaya pa avereji ukabwereza beti yomweyo kambirimbiri. Tiyerekeze kuti tikuponya khobidi. Ukalondola ndikupatsa K90, ukaphonya undipatsa K100. Pa maulendo awiri aliwonse, pa avereji, upeza K90 n'kutaya K100, ndiye kuti ukutaya K5 pa kuponya kulikonse. Lero ukhoza kulondola kasanu motsatizana n'kupita kwanu ukuimba. Koma bwera tsiku ndi tsiku, K5 ija idzakupeza.

Mu blackjack muli beti ina yosavuta kuwerengera, moti tinaichita pa kope laputopu isanayatsidwe. Wogawa akaonetsa A, amakufunsa ngati ukufuna "inshuwalansi". Dzina lokoma, eti? Ukubetcha kuti khadi lake lovundikira lija ndi la mapointi 10, ndipo ukalondola amakulipira kawiri. Tiyeni tiwerenge limodzi. Mitundu ya makhadi ilipo 13. Ya mapointi 10 ndi inayi: 10, J, Q ndi K. Ukabetcha K100 maulendo 13, pa avereji uwina kanayi, K200 ulendo uliwonse, yonse K800. Uluza ka 9, yonse K900. Watsala ndi ngongole ya K100. Inshuwalansi yanji yotero? Apa mpamene makhadi aja ankagwira ntchito. Tinkawayala pa desiki m'magulumagulu kuti aliyense aone ndi maso kuti pa makhadi 52, okwana 16 ndi a mapointi 10. Ndalama panalibe ngakhale K20. Tinkawerengera ndi njere za chimanga zimene ndinabwera nazo m'botolo.

Tebulo la pa laputopu tinalimanga chobwerera m'mbuyo, ndipo apa mpamene ndinakonda masamu koyamba chilowere sekondale. Kuti ntchito ichepe, aphunzitsi anati tiziyerekeza kuti paketi ndi yosatha, ndiye mtundu uliwonse wa khadi mwayi wake wotuluka ndi 1 pa 13 nthawi zonse. Tinayamba ndi wogawa amene ali ndi 16. Akakoka A, 2, 3, 4 kapena 5 wapulumuka. Mitundu 8 yotsalayo imamupsereza. Ndiye mwayi wake wopsa ndi 8 pa 13, pafupifupi 62 pa 100. Tinalemba m'kabokosi kake. Kenako wogawa amene ali ndi 15. Mitundu 7 imamupsereza nthawi yomweyo, kuyambira 7 mpaka K. Koma akakoka A amafika pa 16, ndipo za 16 tawerengera kale. Suwerengeranso, umangouza fomula kuti ikatenge yankho m'kabokosi kaja. Zimatuluka pafupifupi 59 pa 100. Wa 14 amadalira 15 ndi 16, wa 13 amadalira onse atatu, choncho mpaka kufika pansi. Kabokosi kalikonse kamaima pa mapewa a anzake. Ukasintha nambala imodzi, tebulo lonse limagwedezeka n'kudzikonza lokha.

Sikuti zinangoyenda myaa. A uja anativutsa masiku awiri. Mwayi wa zonse zimene zingachitike ukauphatikiza uyenera kukwana 1 ndendende, koma mzere wina unkatipatsa 1.077. Anyamata anati laputopu yafa. Mnzanga wamkazi uja ndiye anaona kuti 0.077 ndi 1 kugawa ndi 13, kutanthauza kuti khadi lina taliwerenga kawiri. Analidi A, tinamuika ngati 1 komanso ngati 11 mumzere womwewo. Amene mumati atsikana masamu satha, mukanakhalapo.

Titamaliza za wogawa tinapeza kuti akaonetsa 6 amapsa maulendo 42 pa 100, akaonetsa 7 amapsa 26 okha. Kusiyana kwa khadi limodzi kokha! Ndiye tinamanga tebulo lachiwiri, la wosewera. Pa dzanja lililonse tinawerengera expected value ya kuima ndi ya kukoka, kompyuta n'kusankha yokulirapo. Zopindula tinazipaka zobiriwira, zotayitsa zofiira.

Tamverani zimene zinatuluka, zonse pa K100 imene wabetcha. Ukakhala ndi 12 wogawa akuonetsa 6, ukaima umataya pafupifupi K15, ukakoka umataya K17. Ndiye chanzeru ndi kuima, ngakhale 12 akuoneka wochepa. Ukakhala ndi 16 wogawa akuonetsa 10, ukaima umataya K54.04, ukakoka umataya K53.98. Kusiyana kwake ndi matambala 6, ndalama imene ambirife sitinaigwirepo. Mabuku amati koka, ndipo sakunama, koma taonani chimene akukusankhitsa. Uku ng'ona, uku mvuu. Chimene anthu amati njira yabwino yosewerera, pa manja ambiri chimangotanthauza kuluza pang'onopang'ono m'malo moluza msanga.

Ndisaname, zobiriwira zinalipo. Ukakhala ndi 11 wogawa akuonetsa 6, malamulo amalola kuwirikiza beti yako n'kulandira khadi limodzi lokha, ndipo apo umapindula pafupifupi K67 pa K100 yoyamba ija. Mnyamata wa kumbuyo uja ataona zimenezi anadumpha, amvekere, "Mwaona! Si ndinanena!" Aphunzitsi anangomufunsa kuti, "Nanga makhadi amene ulandire umasankha ndiwe?" Zii. Manja abwino ndi oipa amabwera mosakanikirana, ndipo kuti udziwe zoona zake uyenera kuphatikiza onse, lililonse malinga ndi kuchuluka kwa maulendo amene limabwera.

Gawo lomalizali sitinafike, chifukwa mpamene anatigwira. Kunatsala kuwerengera lamulo lolola munthu kupatula makhadi awiri ofanana n'kusewera manja awiri. Koma amene anamaliza ntchitoyi kalekale anapeza kuti munthu wosewera mosalakwitsa ngakhale kamodzi, pa malamulo abwino, amatayabe pafupifupi matambala 50 pa K100 iliyonse. Wongotengera mmene wogawa amasewerera amataya yoposa K5. Mwina mukuti matambala 50 ndi chiyani. Tiyerekeze munthu akubetcha K1,000 pa dzanja, manja 60 pa ola. Ndalama imene yadutsa patebulo ndi K60,000, ndipo pa avereji K300 yatsala kwa mwini kasino. Ameneyo ndi katswiri wosatopa, wosakwiya, wosaiwala tebulo. Ndiponso mwini kasino akafuna zambiri amangokhudza lamulo limodzi. Ukalandira A ndi khadi la mapointi 10 poyamba pomwe, zimene zimachitika pafupifupi kamodzi pa manja 21, malipiro akale ndi K150 pa K100. Makasino ena masiku ano amalipira K120. Zikuoneka zazing'ono, koma zimaonjezera pafupifupi K1.40 pa K100 iliyonse, moti zonse pamodzi zimaposa kuwirikiza katatu zimene katswiri uja ankataya.

Wina anena kuti nanga Thorp uja sanawine? Anawinadi, sindikana. Iye anaona kuti paketi yeniyeni si yosatha ngati yathu ya pa laputopu. Makhadi ang'onoang'ono akatuluka ambiri, otsala amakhala odzaza ndi ma 10 ndi ma A, ndipo nthawi imeneyo mwayi umapendekera kwa wosewera. Ndiye ankasunga m'mutu zimene zatuluka, n'kumabetcha zambiri pokhapokha paketi yakoma. Koma funsani chimene chinatsatira. Eni makasino sanakhale manja lende. Anayamba kuphatikiza mapaketi 6 kapena 8, kusakaniza makhadi pafupipafupi, kubweretsa makina osakanizira, ndi kuthamangitsa amene awaganizira kuti akuwerenga makhadi. Thorp mwiniwakeyo nzeru zake anakazigwiritsa ntchito pa misika ya masheya. Phunziro limene ndinatolapo ine ndi lakuti tsiku limene munthu anapezadi njira, mwini masewera anasintha masewerawo. Tsono achimwene anga, ndi foni yawo ya galasi losweka, apeza njira imene kampani yolemba ntchito akatswiri a masamu sinaione?

Njira ina imene imatchuka pa sitolo paja ndi yakuti ukaluza uziwirikiza beti, tsiku lina ubweza zonse. Iyinso tinaiika m'timabokosi, inatenga mphindi zisanu. Yamba ndi K200. Ukaluza ika K400, kenako K800, K1,600, K3,200, K6,400, K12,800. Ukaluza ka 7 motsatizana wataya K25,400, ndipo zonsezo umafuna kupindula K200 yokha. Pa khobidi lachilungamo, kuluza ka 7 motsatizana kumachitika kamodzi pa maulendo 128. Maulendo 127 enawo upindula K200 uliwonse. Chulukitsani 127 ndi 200. Yankho ndi K25,400. Ndendende! Wapita, wabwera, uli pomwe unali. Ndipo apo ndi pa masewera opanda mwini wodyerapo. Pamene pali mwini, umatsikira pansi pa ziro.

Za mpira nazo fomula yake ndi yomweyi, nchifukwa chake ndinalimbikira kutsala masana onsewo ndi njala, ulendo wa makilomita 6 ukundidikira. Tiyerekeze matimu awiri ofanana mphamvu, masewera oti wina apambane basi. Chilungamo chikanakhala kuti K100 ikubwezere K200. Tinene kuti kampani yaika 1.85 mbali zonse. Theka la maulendo ulandira K185, theka lina palibe, avereji yake K92.50. Wataya K7.50. Tsono achimwene sabetcha gemu imodzi, amalumikiza magemu 10 pa tikiti imodzi kuti ndalama ikule. Chulukitsani 0.925 ndi iyo yomwe maulendo 10, mupeza pafupifupi 0.46. Ndiye kuti pa K1,000 iliyonse imene amaika pa matikiti otero, pa avereji imabwerera K460. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kachitidwe kake ndi komweko: gemu iliyonse imene waonjezera, kampani imadulapo gawo lake kachiwiri. Kuja amati "inangotsala timu imodzi" si tsoka ayi, tikitiyo inapangidwa kuti izitero.

Ndinakopera zimenezi pa pepala n'kukawaonetsa achimwene. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako amvekere, "Iwe, mpira si makhadi, mpira umafuna kuudziwa." Sindinene kuti asiya, ndingakhale ndikunama. Koma pepalalo sanataye, ndinaliona m'thumba la jekete yawo pochapa.

Tsopano kwa a hedi ndi aphunzitsi athu, ndi ulemu wonse. Nkhawa yanu ndikuimvetsa. Mukuopa kuti mwana akadziwa malamulo a masewera otere adzafuna kukayesa, komanso lamulo la dziko silola munthu wosakwana zaka 18 kutchova njuga. Komanso prifekiti akaona makhadi pa desiki sangalote kuti awa ndi a masamu, ndipo ifenso tinalakwa posakadziwitsa ku ofesi poyamba. Pamenepo ndavomera. Koma kunena kuti tikapanda kuphunzira ndiye sitidziwa za njuga, pepani, si zoona. Timaimva pa wailesi mpira ukamaulutsidwa, timaiona pa zikwangwani ku trading centre, ili m'mafoni a azichimwene athu, ndipo ena a m'kalasi mwathu momwemuno ndalama ya mandasi imathera komweko, mukuwadziwa anzanga. Onsewo amationetsa owina okhaokha. Kutchalitchi ndi kumzikiti amatiuza kuti ndi tchimo, pa asembule amatiuza kuti ndi mlandu, ndipo mnyamata amamva zonsezo n'kumati mumtima, "Koma ine ndili ndi njira." Amene angamuyankhe pa mawu amenewo ndi masamu okha. Mnyamata wa kumbuyo uja palibe anamulalikira. Fomula ya kuwirikiza ija analemba yekha ndi zala zake, ndipo ataona K25,400 mbali zonse ziwiri anafufuta n'kuyambiranso kawiri, kuganiza kuti walakwitsa.

Pempho langa ndi laling'ono. Paketi ija ichoke mu drowa ya ku ofesi, ikasungidwe ndi aphunzitsi a masamu, izituluka Lachitatu masana pa nthawi ya makalabu basi, mphunzitsi ali pomwepo, ndalama osaoneka. Amene akufuna kuona tebulo la wogawa, ndalikopera kumapeto kwa kope langa la masamu, mundipeze pa buleki, bola manja akhale osamba. A Fomu 4 amene mumatiseka, bwerani mutithandize gawo lopatula makhadi ofanana lija, latikanika pa ma 8 awiri. Aphunzitsi a TP akubwerera ku koleji kumapeto kwa mwezi uno, ndipo laputopu ija apita nayo.